Nafenso olongolola tikwereko pa tsindwi

Aliyense wondidziwa pano pakoleji angakuuzeni kuti ine pakamwa sipauma. Kuchoka ku hositelo kupita m'kalasi ndi ulendo wa mphindi 5, koma ine ndimatha theka la ola chifukwa cha moni ndi macheza. Kwaya ndilimo, AY ndilimo, ndipo akafuna wotsogolera nyimbo dzina langa silisowa. Sindidandaula nazo, Mulungu anandilenga chomwecho. Koma chaka chatha ndinatulukira chinthu chimene chinandichititsa manyazi: pemphero langa limakoma pakakhala anthu. Lachisanu madzulo potsegulira Sabata ndimatha kupemphera mpaka "Ameni" kumveka mbali zonse. Ndikagwada ndekha pambali pa bedi, mawu amatha pasanathe mphindi 2, dzanja n'kuyamba kufufuza foni. Ndiye nthawi yonseyi ndinkalankhula ndi ndani?

Vutoli si langa ndekha, ndipo kwa ife ochezeka limabisika bwino chifukwa mpingo umatiyamikira. Taonani Sabata lathu. Sukulu ya Sabata, ulaliki, chakudya ndi alendo, kuphunzira Baibulo masana, AY, kenako kutsekera Sabata. Zonsezi n'zabwino, koma munthu akhoza kutha maola 24 opatulika osakhalapo chete ndi Mwini tsikulo ngakhale kanthawi kochepa, anthu n'kumati mnyamata uyu ngwauzimu. Chikhalidwe chathunso sichithandiza. Tinakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, moti ukakhala wekha pansi pa mtengo sipatenga nthawi wina asanakufunse ngati wadwala kapena wakhumudwa.

Amene wandithandiza ndi Petro. Pa ophunzira onse, iye ndiye anali wofulumira kutsegula pakamwa. Pa phiri paja Yesu anawala ulemerero, Petro anayamba kukonza zomanga misasa itatu, ndipo Luka 9:33 akutiuza kuti sankadziwa n'komwe chimene ankanena. Pa Marko 1:35-37, Yesu atalawirira usikusiku kukapemphera kopanda anthu, Simoni ndi anzake anamulondola kukamuuza kuti anthu onse akumufuna. Ndikuganiza kuti Petro sankamvetsa chothawira khamu pamene ntchito ikuyenda bwino chotero. Nanenso ndikanadabwa.

Koma pitani pa Machitidwe 10. Petro yemweyo ali ku Yopa, kunyumba kwa Simoni wofufuta zikopa. Ndi masana, njala yamugwira, m'nyumba akukonza chakudya, ndipo mwina macheza ali mkati. Iye wakwera pa tsindwi kukapemphera. Kumeneko ndi kumene Mulungu anamuonetsa masomphenya amene anamutumiza ku Kaisareya, kunyumba kwa Korneliyo, kukalalikira anthu amitundu amene kale sakanalowa n'komwe pakhomo pawo. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anzanga amene amati kukhala chete n'kwa anthu ofatsa okha, ife tizitumikira Mulungu ndi mphatso yathu ya pakamwa. Tsindwi silinamusandutse Petro munthu wamanyazi. Anatsika ali wolankhula yemweyo, kungoti tsopano anali ndi chonena chimene sanachipeke yekha.

M'buku la The Desire of Ages, Mayi Ellen White analangiza kupatula ola tsiku lililonse kusinkhasinkha moyo wa Khristu. Ndinene zoona, ola lathunthu sindinalifikebe. Ndinayamba ndi mphindi 15. Kukhala duu m'chipinda kunandikanika, tulo ndi maganizo zinkandilanda, choncho ndimadzuka anzanga akadali mtulo, foni n'kuisiya pansi pa pilo, n'kumazungulira bwalo la mpira. Ndimawerenga ndime imodzi yokha, kenako ndimalankhula ndi Mulungu mokweza monga ndichitira ndi munthu, pakuti ine maganizo amalongosoka ndikawatulutsa pakamwa. Ndikatha ndimayenda ulendo wina umodzi osanena kanthu. Umenewo ndiwo wovuta. Ndi mmenemo mmene zimatulukira zimene phokoso limaphimba: nthabwala ija inapweteka mnzanga dzulo, nsanje imene inandigwira wina atapatsidwa solo yanga.

Sabata lapitali, titadya masana, anyamata anandiitana kuti tikakhale kuseri kwa tchalitchi tikudikira AY. Ndinati ndiwapeza. Mmodzi anandigwira pamphumi kuona ngati ndatentha thupi. Ndinaseka, n'kutenga Baibulo langa kulowera kubwalo, kuseka kwawo kukundikoka mpaka ndinakhota pakona.