KUYENDA N'KUONA: Ku Varanasi, kumene maliro amadyetsa amoyo

Anzanga a pamsika, sabata ino tiyeni tinyamule kachikwama kumsana tipite ku India, mumzinda wa Varanasi, umene eni ake amautchulanso Banaras kapena Kashi.

Kuchokera ku likulu la New Delhi ndi mtunda wopitirira makilomita 750. Muli ndi ndalama, kwerani Vande Bharat, sitima yothamanga imene inayamba mu 2019, pakatha maola 8 mwafika. Koma wa thumba lobooka ngati ife amakwera yausiku, ya maola 12 kapena kuposa, m'kalasi yotchedwa Sleeper. Mmenemo mabedi ndi osanjikizana atatuatatu, chikwama mumachimanga ndi tcheni kunsi kwa mpando. Tikiti gulani msanga, chifukwa malo amatha masabata ulendo usanafike.

Tulo musayembekeze. Usiku wonse anyamata a tiyi angokuwa "chai, chai!" m'makhonde. Mwayamba kale kuona kuti dziko limeneli limayenda ndi mavenda.

Mzindawu uli m'mphepete mwa mtsinje wa Ganges, umene Ahindu amautcha mayi. Masitepe otsikira kumadzi, omwe amati ghat, alipo oposa 80. M'bandakucha anthu miyandamiyanda amasamba ndi kupemphera. Madzulo pa Dashashwamedh ansembe amazunguza nyali zamoto, mabelu ali ngwee! ngwee! Amaluwa, atiyi ndi opalasa mabwato onse akugwira yawo.

Ahindu amakhulupirira kuti wofera ku Varanasi amamasuka, sabadwanso. N'chifukwa chake okalamba ena amabwera kudzadikira imfa, ndipo pa Manikarnika moto wowotcha mitembo suzima usana ndi usiku. Pamenepo nkhuni zimayezedwa pa sikelo ngati chimanga, mtengo n'kukambirana. Moto amausunga ndi anthu a mtundu wa Dom, onyozeka m'dzikomo, koma popanda iwo maliro sayenda.

Chenjezo, abale: kujambula zithunzi pamalo amenewa n'kulakwira anamfedwa. Ndipo akabwera wina wokoma pakamwa, ati perekani ndalama tigulire nkhuni amphawi, gwirani thumba. Mtengo wa bwato mugwirizane musanakwere. Safunsa anadya phula. Madzi a mumtsinjewo musamwe: boma lakhala likulimbana ndi zonyansa za mmenemo kuyambira 1986, nkhondoyo sinathe.

Tsono nkhani yandikhudza ndi iyi. Kachisi wamkulu wa Kashi Vishwanath, amene anamangidwa mu 1780 ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar, anali pakati pa tinjira topanikizana todzaza ndi timashopu. Mu December 2021 nduna yaikulu Narendra Modi, yemwenso ndi phungu wa mzindawu kuyambira 2014, anatsegula bwalo lalikulu lochokera pakachisi mpaka kumtsinje. Kukongola kwake palibe angatsutse, ndipo alendo anachuluka. Koma kuti limangidwe nyumba pafupifupi 300 zinagwetsedwa. Eni nyumba analipidwa, inde. Nanga uja amangochita lendi kashopu, makasitomala ake ali a pakhomo pomwepo kuyambira nthawi ya agogo ake? Malo a malonda sangawanyamule pamutu.

Chimodzimodzinso oluka nsalu za silika zotchuka za Banarasi, ambiri mwa iwo Asilamu. Nsalu imodzi ya pamanja imatha masabata, pamene ya makina imatuluka msanga ndi yotchipa. Mlendo akakhala wosadziwa, amagula ya makina pa mtengo wa pamanja, woluka weniweni n'kugona ndi njala.

Choncho mukadzafika, musathere pabwalo latsopano lokhalo. Lowani m'tinjira tija, mupatukire ng'ombe, mumwe tiyi m'kakapu kadothi kwa mayi kapena bambo wa pakona. Nenererani mtengo, n'chikhalidwe chawo, koma musamufinye mnzanu mpaka magazi. Inu nomwe mukudziwa kuwawa kwa kasitomala wotero.