Mafilimu a mahatchi amatibera liwiro

Magaye, amene mukuti Secretariat ndi filimu yothamangitsa magazi, ndikupempheni kanthu kamodzi. Sungani kabandulo pang'ono, musake pa YouTube mpikisano weniweniwo: Belmont Stakes, 1973. Ndi mphindi 2 ndi masekondi 24 basi. Mukaonera mudzandiuze ngati filimu ya 2010 ija ikufikapo.

Tsiku limenelo, pa 9 Juni ku New York, panali mahatchi asanu okha, mtunda wake pafupifupi makilomita 2.4. Poyamba Secretariat ankathamanga phewa ndi phewa ndi hatchi ina, Sham. Kenako Sham mafuta anamuthera, mpaka anamaliza kumapeto. Secretariat sanachepetse moto. Anapambana ndi mpata wokwana mahatchi 31 mutawandandalika mphuno kumchira, mamita oposa 70, ndipo nthawi yakeyo palibe waiphwanya pampikisanowu mpaka lero. Wojambula wa TV anachita kubweza kamera kuti enawo alowe nawo m'chithunzi. Zithunzi zake n'zakale, zosaoneka bwino, koma tsitsi limaima ndithu.

Nanga a Disney anachita chiyani? Pomwe pakoma penipeni akudula, akutionetsa nkhope za eni hatchi, akuzimitsa phokoso, kenako nyimbo ya kwaya, Oh Happy Day. N'zokongola, sindikukana. Koma pamenepo sukuonanso mpikisano, ukuuzidwa kuti tsopano sangalala.

Vuto lake ife akunyanja tikulidziwa. Ndikakonza injini n'kupita kukaiyesa, sindiyang'ana madzi amene akuthovoka kumbuyo kwa pulopela. Ngakhale 15 yotopa imathovola madzi ngati zenizeni. Liwiro la boti umalidziwa poona mmene gombe likutsalira, kapena mmene boti la mnzako likucheperachepera m'mbuyo. Ndiye opanga mafilimu amakonda kuika kamera pa ziboda, pa mphuno, pa matope akuuluka, n'kuchedwetsanso chithunzi. Hatchi yoti ikuthamanga makilomita 60 pa ola akuionetsa ngati ikusambira. Aise, mpata uli kuti? Ndani ali patsogolo? Sukudziwa.

Pali chimodzi chomwe filimu imatha, ndipo pamenepa ndimavula chipewa: imakulowetsa m'kati mwa gululo. Wokwera hatchi ndi kamunthu ka makilo 50 ndi kenakake, kataima pa tizitsulo tiwiri, pamwamba pa chinyama cha makilo 500, anzake atam'panikiza uku ndi uku. Kupuma kwa hatchi, kugunda kwa ziboda, zimenezo munthu wokhala pa sitandi sangazimve.

Pa awiriwa ine ndimasankha Seabiscuit ya 2003. Pa 1 Novembala 1938 ku Pimlico, kahatchi konyozeka kaja kanakumana ndi War Admiral, awiri okha m'bwalo. Wopanga filimuyo anachenjera. Mpikisano ukuyamba, sakukuonetsa mahatchi ayi, akukuonetsa zithunzi za anthu atazungulira wayilesi, mawu a muulutsi okha akumveka. Aliyense amene anamverapo Flames pa wayilesi ya mabatire ofooka akudziwa mmene mtima umapachikikira. Akakubweza m'bwalo, awiriwo ali limodzi m'chithunzi chimodzi. George Woolf akumulola War Admiral kuti afike pambali, mahatchi akuyang'anizana, kenako Seabiscuit akuchoka. Mpata ukukula iwe ukuona, mpaka kukwana mahatchi anayi.

Komabe ngakhale iyeyo pali chomwe sangachithawe. Dzina la hatchi yopambana lalembedwa kale pa chikuto. Anthu a 1938 aja ambiri ankati War Admiral atenga, ena ataikapo ndalama zawo. Ife timakhala pansi tikudziwiratu. Ndiye amene mukufuna kulawa, kwa kanema wa 1973 uja ndakuuziranitu mathero, pepani. Sakani Durban July ya chaka chilichonse, musawerenge zolemba pansipo, musankhe hatchi imodzi asanayambe, voliyumu mukweze.