Mimba itsike, mphamvu zitsale

Mukaima pa Nsaru kapena pa Namitete tsiku la msika n'kuyang'anitsitsa anthu, muona zodabwitsa. Mlimi amene wabwera ndi thumba la soya panjinga ndi wowonda koma wolimba ngati mtengo wa muwanga. Bambo amene akumugula soyayo, yemwe wakhala pampando pafupi ndi sikelo kuyambira m'mawa, malaya akukana kumangika pamimba.

Kwathu kuno kunenepa kudali ulemu. Munthu akafika kumudzi masaya atadzadza, abale ankati zinthu zikumuyendera. Nthawi imene Edzi idavuta, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, kuwonda kudasanduka chinthu chochititsa mantha, moti mpaka lero munthu akatsika thupi anthu amayamba manong'onong'o.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina amene adachitika ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse m'tauni adali onenepa kupyola muyezo, ndipo kumudzi adali 27.

Malo ngati Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ali pakati pa tauni ndi mudzi, ndipo moyo wake wasintha. Wakabaza amene ankapalasa tsiku lonse adagula njinga yamoto. Mayi amene ankasinja pamtondo amapita kuchigayo. Wagolosale amatandala atakhala, chiwaya chili pakhomo, mandasi ndi zakumwa zashuga zili pafupi. Ntchito ya thukuta yachepa koma mitanda ya nsima sidachepe.

Vuto likubwera pamene munthu wauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi. Ambiri amathamangira kudzimana chakudya. Ena amangomwa tiyi tsiku lonse, ena amagula timapaketi ta masamba tomwe amati timasungunula mafuta, chonsecho tambiri timangotsegula m'mimba ndi kuchotsa madzi m'thupi. Sikelo imatsikadi, munthu n'kukondwa.

Chimene sikelo sinena n'chakuti thupi likamanidwa chakudya silidya mafuta okha, limadyanso mnofu. Akatswiri amawerengera kuti munthu akawonda ndi njala yokha, pa makilogalamu anayi alionse amene wataya, pafupifupi imodzi si ya mafuta ayi, ndipo mbali yaikulu ya imeneyo ndi mnofu.

Kutaya mnofu si nkhani ya maonekedwe chabe. Shuga wambiri amene amalowa m'magazi tikadya nsima amakathera m'minofu, ndiye minofu ikachepa shugayo amasowa kolowera. Komanso munthu akapyola zaka 30, mnofu umayamba kuchepa wokha pang'onopang'ono, ndipo ukalamba ukafika umatha mofulumira. Agogo amene amalephera kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja, nthawi zambiri chimene chatha ndi mnofu wa m'ntchafu.

Choipa kwambiri n'chakuti njala ili ndi malire. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu munthu amatopa n'kubwerera kumadyedwe akale. Mafuta amabwerera msanga, mnofu subwerera wokha. Mapeto ake sikelo ikuwerenga chimodzimodzi ngati kale, koma mwini wake ndi wofooka kuposa mmene adayambira.

Apa ndi pamene kunyamula zolemera kumalowera. Mnofu umene ukugwiritsidwa ntchito mwamphamvu thupi limausunga, ndipo chakudya chikachepa limakatapa m'nkhokwe ya mafuta. N'chifukwa chake malangizo amene WHO idatulutsa mu 2020 sadathere pa kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Adawonjezera kuti munthu wamkulu aliyense azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pasabata.

Tsoka ilo, m'misika yathu zitsulo timazitenga ngati za anyamata ofuna kutchuka ndi madzitho, aja amathira simenti m'zitini ziwiri n'kulumikiza ndi paipi kuseri kwa nyumba. Bambo wa zaka 50 amaona ngati n'zachibwana, mayi amaopa kuti aoneka ngati mwamuna. Manthawa alibe maziko. Thupi la mayi silitupa minofu ngati la bambo, ndipo amene akufunika zolemera kwambiri ndi achikulire omwewo, osati anyamata aja.

Ndipo sizilira jimu ya ku Lilongwe. Chigubu cha malita 20 chikadzadza madzi chimalemera makilogalamu 20, chatheka chimalemera 10. Kuchikumbatira n'kumakhala pampando ndi kudzukanso kumalimbitsa ntchafu. Kuchitola pansi msana uli chiwongokere kumalimbitsa msana ndi m'chiuno. Kukankha khoma kapena pansi ndi manja kumagwira chifuwa ndi mapewa. Chilichonse mwa izi muchite ka 8 mpaka 12, mupume, mubwereze kawiri kapena katatu. Zikayamba kupepuka muwonjezere madzi m'chigubu, chifukwa mnofu umalimba pokhapokha katundu akamakula. Mawa lake mupume.

Tinenepo apa kuti zija zogona chagada n'kumadzuka kambirimbiri pofuna kuphwetsa mimba sizichotsa mafuta a pamimba. Thupi limachotsa mafuta paliponse mmene lafunira, silisankha malo amene mwalimbikira.

Wina anganene kuti mlimi safunika zonsezi, khasu likukwanira. Ndi zoona ndithu, nkhaniyi si ya munthu amene akulima ndi kusenza mitolo, ndipo kumabanja kumene chakudya chimaperewera miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, kuchepetsa thupi si nkhani n'komwe. Koma amene amalemba aganyu iye n'kumayendera munda panjinga yamoto asadziwerengere m'gulu la alimi a khasu.

Mnofu sumangidwa ndi katundu yekha, umafunanso ndiwo. Apa dera lino lilibe chowiringula. Soya, mtedza ndi nyemba zimene zimadzadza malole opita ku Lilongwe zimachokera m'minda yomweyi, ndipo malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, omwe ali m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, akhala akuyesa ndi kuchulukitsa mbewu zoterezi kwa zaka zambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti banja limagulitsa soya yense kwa mavenda, ndalama yake n'kugulira shuga ndi mafuta ophikira.

Munthu wa makilogalamu 70 amene akuchepetsa thupi uku akunyamula zolemera amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 100 patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Magalamu 100 a soya wouma ali ndi oposa 30, mtedza uli ndi pafupifupi 25, nyemba zouma 20 ndi kanthu. Usipa ndi bonya nazonso n'zodzadza. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa mokwanira. Mtedza nawo pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho dzanja limodzi kapena nsinjiro za m'ndiwo zakwana, osati mbale yonse pocheza.

Nsima musaithawe. Amene amadya mitanda inayi atsike pa itatu, kenaka iwiri, makamaka ya mgaiwa, malo otsalawo adzadze ndi masamba ndi ndiwo zomanga thupi. Kutsika ndi theka la kilogalamu pasabata n'kokwanira. Sabata zina sikelo siyenda konse chifukwa mafuta akuchoka uku mnofu ukukhazikika, ndiye ndi bwino kudalira chingwe. Yezani kutalika kwanu ndi chingwe, muchipinde pakati, muzungulize pamimba cha pamchombo. Chikakana kukumana, mafuta a pamimba achuluka.

Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe wakayezetsa ndi kufunsa achipatala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena pachipatala chaching'ono chapafupi. Ponyamula katundu osatsekereza mpweya, chifukwa kutero kumakweza BP mwadzidzidzi. Amene akumwa mankhwala a shuga asadumphe chakudya mwa iwo okha.

Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe kapena kunyamula kalikonse, musasangalale kuti mimba yaphwa. Chifuwa chachikulu, shuga ndi HIV zimayamba choncho, ndipo zonsezi amayeza kuchipatala.