ZA KU MUNDA: Malo Oyenera Kufunapo Zitsulo Zakale ndi Makina

Alimi anzanga, cimanga calowa m'nkhokwe ndipo minda yathu iri pa mbalambanda. Ino ndiyo nyengo imene m'midzi yina mumafika anthu onyamula ndodo yokhala ndi kambale ku nsonga kwace, namayenda nayo pang'ono pang'ono monga munthu wosesa pabwalo. Makina amenewa Azungu amawacha metal detector, ndipo nchito yace ndiyo kumva zitsulo zobisika m'nthaka. Ku England anthu ambiri amacita zimenezi monga masewera a tsiku lopuma. Kwathu kuno anyamata ena awagulanso. Tsono lero ndifuna kulankhula ndi anthu awiri: iwe mnyamata wa makina, kuti usathe mabatire pacabe, ndi inu eni minda, kuti mudziwe coyankha pamene munthu wotere aodira pakhomo panu.

Tiyambe tadziwa mphamvu ya makinawo. M'kambale muja muli waya wopombapomba. Moto wa batire ukalowa m'wayamo umaturutsa mphamvu yonga ya maginito, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi citsulo, mkuwa, siliva kapena golide, makina amalira. Kobiri limodzi amalimva likakhala mainchesi 8 kapena 10 pansi. Cinthu cacikuru monga khasu kapena mphika wacitsulo angacimve mozama pang'ono, mapazi 2 kapena 3. Mbiya, mikanda ya galasi, mafupa ndi minyanga sazimva konse. Apa mwaona kuti makina sapita kutali, ndiponso sangapeze cimene munthu sanataye. Cifukwa cace malo abwino ndi amene anthu anakhalapo, anayendapo, anagulapo malonda ndi kugwetsapo zinthu zao. M'chire lopanda mbiri ya munthu mudzayenda tsiku lonse ndi kubwerako ndi minga yokha.

MUNDA WOLIMIDWA

Malo oposa onse ndiwo munda wolimidwa umene kale unali mudzi. Bwinja silibvuta kulizindikira. Nthaka yace ndi yakuda cifukwa ca phulusa la madzala, pali mapale ambiri, mwina mphero yosweka, mitengo yakale ya mango yoima m'gulu, kapena nkhadze imene inali mpanda. Cimanga cimakula bwino pamenepo koposa mbali zina za munda. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa amene anakhalapo ndi caka cimene anasamuka. Afunseni, pakuti safunsa anadya phula.

Ubwino wa munda uli pawiri. Coyamba, khasu limatembenuza nthaka caka ndi caka pokweza mizere, motero zinthu zimene zinali pansi zimabwera pafupi ndi pamwamba. Caciwiri, mukakumba m'nthaka imene khasu linapitamo kale simuononga kanthu katsopano. Nthawi yace ndiyo mutatha kukolola kufikira musanabzale. Cizimalupsa cikagwa mapale amaoneka bwino, ndipo nthaka ya cinyontho pang'ono imathandiza makina kumva. Mbeu zikamera, makina apume.

Ku England komweko, m'mudzi wa Hoxne, mlimi wina anataya hamala m'munda m'caka ca 1992, napempha bwenzi lace la makina kuti limfunire. M'malo mwa hamala anapeza ndarama za Aroma akale pafupi 15,000, zagolide ndi zasiliva, pamodzi ndi masupuni ndi zokometsera za akazi. Sanakumbe zonse usiku ai. Anauza apolisi ndi Boma, ndipo m'mawa mwace akatswiri anadza nacotsa zonse mosamala. Wozipezayo analandira mapaundi 1,750,000 nagawana ndi mlimi uja. Hamala nayo inapezeka, ndipo iri ku British Museum ku London.

Koma musalote za Hoxne m'munda mwanu. Aroma anali kusula ndarama, pamene makolo athu anali kusinthana malonda ndi makasu, mcere, nsaru, mikanda ndi minyanga. Makobiri anafika kuno mocedwa, pamodzi ndi Azungu. Zimene mungapeze pa bwinja ndi mibvi, tinkhwangwa, makasu akutha, makoza a mkuwa, mabatani a asilikari, ndi makobiri a ciboo pakati aja a Rhodesia ndi Nyasaland amene anayamba kusulidwa mu 1955. Zimenezi sizilemeretsa munthu, koma zimaphunzitsa ana za agogo ao.

MADOOKO, NJIRA NDI MISIKA

Malo aciwiri ndi amene anthu ambiri anali kuimapo. Pa dooko munthu amatula katundu, amabvula, amalipira mwini bwato. Pamenepo zinthu zimagwa. Comweconso pa citsime cakale, pa mphambano ya njira, pansi pa kacere kapena mlambe pamene panali bwalo la milandu, pa msika wakale wa thonje kapena fodya, ndi pamene panali sitolo imene inagwa. Funani m'mphepete mwa malowo, pamene anthu anali kukhala pansi mu mthunzi, osati pakati pa njira pamene madzi amakokolola.

Malo acitatu ndi gombe la nyanja pamene alendo amasambira, monga ku Senga Bay. Mcenga subvuta kukumba ndipo mphete ndi makobiri zimagwa masiku onse. Koma zopezeka kumeneko ndi za anthu amoyo. Mphete kapena foni ikapezeka, mwini wace afunidwe. Akasowa, iperekedwe ku polisi. Dziwaninso kuti pa magombe ena a Salima ndi Mangoci mcenga uli ndi timizere takuda. Mcenga wakudawo uli ndi citsulo cacilengedwe, ndipo umaliza makina popanda kanthu.

MALO OTAYITSA NTHAWI

Pafupi ndi nyumba za malata, pa dzala la masiku ano ndi m'mbali mwa mseu, makina amalira phazi liri lonse cifukwa ca misomali, zitsekero za mabotolo ndi zitini. Pansi pa mawaya a magetsi amasokonezeka. Pa katondo wofiira kwambiri ndi pa lubwe samva mozama, pakuti kufiira kwa nthakayo ndi dzimbiri la citsulo. Pa malo otsetsereka musayese n'komwe. Kadzenje kamodzi kosakwirira kamasanduka cigwembe m'dzinja limodzi, ndipo cajira ca munda cimapita ku dambo.

MALO OLETSEDWA

Pali malo ena amene zitsulo ziripo ndithu, koma munthu wanzeru sapitako ndi makina. Manda, dambwe ndi akacisi monga Khulubvi wa Mbona ku Nsanje ndi malo a ulemu. Mapanga a zojambula za makolo ku Congoni, amene anawerengedwa pa cuma ca dziko lonse la pansi mu 2006, ndi otetezedwa. Ng'anjo zakale zimene ziri m'nkhalango ya nyama ya Kasungu nazonso n'zotetezedwa. Lamulo la Boma la 1990, lochedwa Monuments and Relics Act, limaletsa kukumba zinthu zamakedzana popanda cilolezo, ndipo limafuna kuti wopeza zotere adziwitse Boma. Kufuna golide wa m'miyala ndi nkhani yinanso, imene iri ndi cilolezo cace ca migodi.

Tsono bwinja labwino mudzalisiyanitsa bwanji ndi loletsedwa? Ngati akuru akumbukira amene anakhalapo, ndipo mapale ace ndi onga a mbiya zathu, funani m'nthaka ya khasu yokha. Koma ngati palibe wokumbukira, mapale ndi a maluwa acilendo, pali miyala yakuda yolemera ya timaboo yotsala pa ng'anjo, kapena mwaona mafupa a munthu, lekani pomwepo. Kwirirani, ikani cizindikiro, uzani a Nyakwawa kuti atumize mau kwa Bwana D.C. ndi ku ofesi yosunga zakale. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anakumba mwa dongosolo napeza mkuwa, mikanda, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China. Ndi zimenezo tinadziwa kukula kwa malonda a mzinda wa Kalonga. Pa Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi m'dziko la Zambia, anchito okumba maziko a thanki la madzi mu 1960 anapeza manda a mikanda yagolide ndi mitanda ya mkuwa, ndipo akatswiri anaitanidwa. Akadazigawana mobisa, bwenzi lero palibe wodziwa kuti pa citunda cimeneco panali msika waukuru. Cinthu cikacotsedwa pa malo ace popanda kulemba, cimatsala cidutswa ca citsulo cabe.

Cenjeraninso ndi malo a nkhondo. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu September 1914, ndipo m'malire a Mozambique nkhondo inatha mu 1992. Cipolopolo cacikuru kapena bomba la dzimbiri lingaphulike ngakhale papita zaka zambiri. Musalikhudze, musalimenye ndi khasu. Cotsanipo ana, itanani apolisi.

KWA ENI MINDA

Munthu wa makina akadza kwa inu, musabvomere pa njira. Pitani naye kwa a Nyakwawa, ndipo mupangane pamaso pa mboni za malo amene ati ayendemo, masiku ace, ndi kagawidwe ka zimene Boma silidzafuna. Dzenje liri lonse alikwirire ndi kulipondera, nthaka ya pamwamba ibwerere pamwamba. Asadule akalozera ndi migula, asazule vetiva. Asakunyengeni kuti mutenthe mapesi kuti makina ayende bwino. Mapesiwo ndiwo cakudya ca nthaka yanu, ndipo kobiri la ciboo silingakugulireni thumba la feteleza. Misomali ndi mawaya zimene wafukula acoke nazo, pakuti zimalasa mapazi ndi kupha ng'ombe zikameza.

Wina akakuuzani kuti makina ace aona bokosi la ndarama za Ajeremani mapazi 20 pansi, ndipo mumpatse mbuzi kapena ndarama kuti akumbe, kumbukirani mainchesi 10 aja. Munthuyo akufuna mbuzi yanu. Enanso amati m'miyala ya simenti ya anthu oyesa dziko, imene iri pa mapiri ndi m'malire, muli cuma. Mulibe kanthu koma simenti ndi kacitsulo ka cizindikiro, ndipo kuiswa ndi mlandu.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kuunjika manyowa mvula isanagwe. Tsalani bwino.

MLANGIZI