Ana a ku Kabwata Adziwe Amene Anamenya Nkhondo ku Arakan

Minibasi zimadutsa mu Burma Road tsiku ndi tsiku, kudzera ku Kabwata kulunjika ku Arakan Barracks, kondakitala ali pakhomo kuitana anthu. Koma mutafunsa okwerawo kuti Burma ndi Arakan zinabwera bwanji mu Lusaka, ambiri angangokuyang'anani.

Mayinawa anabwera ndi asilikali oyenda pansi. Northern Rhodesia Regiment inakhazikitsidwa mu 1933, itapatulidwa ku gulu la apolisi. Mu Ogasiti 1940 batalioni yake yoyamba inalimbana ndi Ataliyana pa Tug Argan ku Somaliland. Pofika 1944 anyamata a kuno anali m'nkhalango za ku Burma, dziko lomwe kuli Arakan, mvula ikuwakhuthukira, malungo akuwagwetsa, Ajapani ali patsogolo. N'chifukwa chake misasa ya asilikali ili ndi mayina a malo omwe kunamenyedwa nkhondo: ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar.

Pali mbali ina yomwe olankhula Chichewa ayenera kuigwiritsa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha pa 31 Disembala 1963, asilikali a Keyala (King's African Rifles) a ku Nyasaland anagawidwa: batalioni yoyamba inakhala Malawi Rifles, yachiwiri inaperekedwa ku Northern Rhodesia n'kudzakhala batalioni yachiwiri ya Zambia Regiment. Ndiye kuti muzu wina wa asilikali a Zambia uli ku Zomba.

Nanga munthu wa ku Chelstone kapena Woodlands amamudziwa bwanji msilikali? Achikulire amakumbukira mawu a Mwamba Luchembe pa wailesi mu Juni 1990, ndi a Captain Solo m'mamawa wa pa 28 Okutobala 1997, onse akunena kuti alanda boma. Achinyamata amakumbukira kolera ya kumapeto kwa 2017, asilikali atadzaza m'tauni kufukula ngalande ndi kuchotsa ogulitsa malonda m'misewu. Ena anawaombera m'manja, ena mpaka lero akadali ndi mangawa.

Zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi ntchito yonse. Batalioni ndi anthu mazana angapo pansi pa Lieutenant Colonel, ndipo udindo wawo ndi kuponda pamalo n'kupagwira, zomwe ndege singathe. Asilikali a Zambia akhala akuchita zimenezi m'dzina la United Nations: ku Mozambique nkhondo itatha, ku Sierra Leone komwe mu Meyi 2000 ambiri anagwidwa ukapolo ndi zigawenga za RUF, komanso ku Birao m'dziko la Central African Republic.

Inde, nkhondo ya ku Burma inali ya atsamunda, ndipo ambiri anabwerako chimanjamanja. Chimenecho ndiye chifukwa choiphunzitsira, osati choibisira. Nkhata zomwe akuluakulu amaika pa Cenotaph mu Novembala sizifotokozera mwana kanthu. Unduna wa maphunziro ndi akuluakulu a asilikali agwirizane: ana a sukulu za ku Kabwata ndi Kabulonga alowe pa geti la Arakan, aone zithunzi ndi mamendulo, amve mbiriyi kuchokera kwa eni ake.