Kodi njira za ku Cape Maclear nza yani?

Kale munthu wamkulu akamathamanga mumsewu, anthu ankayamba ayang'ana kaye kumbuyo kwake kuti aone ngati kukubwera galu wachiwewe kapena apolisi. Lero zidasintha. M'mizinda ngakhalenso m'matauni ang'onoang'ono, si zachilendo kukumana ndi abambo ndi amayi Loweruka mmamawa ali wefuwefu kuchita majowajowa.

Ambiri adawatuma ndi adokotala. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena 75 ngati akuchita zotulutsa thukuta kwambiri monga kuthamanga.

Chizolowezichi anthu samachisiya pakhomo akamapita kutchuthi. Alendo ochokera kunja komanso Amalawi opezako bwino akafika kunyanja amafuna pothamanga dzuwa lisanatenthe, ndipo ndi malo ochepa omwe angapose Cape Maclear m'boma la Mangochi. Pali mchenga wa m'gombe la mudzi wa Chembe. Pali njira yodzera pachipata cha paki kukafika ku Otter Point, kufupi ndi manda a amishoni a Livingstonia omwe adafika pamalopa mu 1875 nkusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Ofuna mtunda wautali ali ndi msewu wa makilomita pafupifupi 18 wodutsa m'mapiri kukalumikizana ndi wa ku Monkey Bay.

Koma njira zimenezi sadalambulire othamanga. Adaziponda ndi amayi opita kunkhuni, asodzi otsikira kudoko, ana asukulu ndi ogula usipa. Funso nkumati, pamene alendo akuchuluka m'njirazi, eni mudzi atsala ndi ufulu wanji ndipo apindulapo chiyani?

Nkhaniyi gwero lake ndi 1980, chaka chomwe boma lidakhazikitsa paki ya Lake Malawi National Park pofuna kuteteza nsomba, makamaka mbuna zomwe zimakhala m'miyala ndipo sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika pakiyi pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, koma gawo lalikulu ndi mtunda: mapiri, nkhalango ndi zilumba monga Domwe, Mumbo ndi Thumbi.

Pojambula malire a pakiyi, midzi isanu idasiyidwa pomwe idali. Iyi ndi Chembe, Masaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Midziyi si gawo la paki, koma idazingidwa. Kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo kuli phiri lotetezedwa, ndipo mudzi wa Chembe pawokha tsopano uli ndi anthu oposa 10,000.

Apa mpomwe pali kusiyana komwe aliyense m'midziyi amakuona ndi maso. Mlendo amalipira pachipata, nkuthamanga mpaka ku Otter Point, nkubwerako popanda womufunsa. Mayi wa m'mudzi akalowa m'phiri lomwelo amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo chomwe amaloledwa kutola ndi nkhuni zouma zokha. Msodzi saloledwa kuponya ukonde m'madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa paki ndi zilumba zake. Malamulo oteteza nyama zakutchire atawakhwimitsa mu 2017, zilango zina zidafika zaka 30 kundende, ngakhale kuti chilango chotere ncha milandu ikuluikulu monga yopezeka ndi minyanga ya njovu.

Sikuti malamulowa ngopanda nzeru ayi. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokololera dothi m'nyanja, matope nkukwirira ndere za pamiyala zomwe mbuna zimadya. Mbuna zikatha, mlendo wodzasambira nazo sabweranso, ndipo anyamata a maboti, ophika, osema ziboliboli ndi ogulitsa nsomba m'malo ogona alendo onse amagona ndi njala. Nkhuni nazo sizongophikira nsima, zambiri zimathera kuwamba nsomba zokagulitsa kumisika ya kutali. Wothamanga sathyola ngakhale nthambi imodzi. Komabe mayi wosenza mtolo akapatuka kuti mlendo adutse, nkovuta kumuuza kuti phirilo ndi lake nayenso.

Vuto lina lili m'gombe. Kuchokera ku Mangochi boma mpaka ku Monkey Bay, malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja adagulidwa nkumangapo maloji ndi nyumba zopumulirako, zina zokhala ndi mipanda yotsikira mpaka kumadzi. Madandaulo oti eni mudzi akusowa podzera pokatunga madzi, kuchapa kapena kukocheza mabwato akhala akumveka kwa zaka zambiri. Ku Chembe zinthu nzosiyanako chifukwa malo ogona alendo ali mkati mwenimweni mwa mudzi ndipo mchenga akhala akugwiritsa ntchito ndi onse, wothamanga nkumalambalala mathandala a usipa.

Koma mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi adakwera kufika pomwe anthu ambiri adali asanaonepo, nkumiza mchenga, nyumba ndi malo ogona alendo m'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mchenga ukamira, njira yaulere ya aliyense imamira nawo, ndipo onse amakankhidwira m'tinjira ta kuseri kwa mipanda. Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi adaonetsa poyera kuti m'malo ambiri palibe chidalembedwa chonena kuti kanjira aka nka anthu onse ndipo sikangatsekedwe.

Nanga phindu? Nthambi ya boma yoyang'anira mapaki imagawana ndalama za pachipata ndi midzi yozungulira kudzera m'bungwe la Mangochi Salima Lake Park Association (Masalapa). Izi nzabwino, koma ndalamazi zimagawidwa m'midzi yambiri ndipo zimapita kuzitukuko, osati m'thumba mwa munthu. Komanso mwa alendo onse, wothamanga ndiye sasiya kanthu m'njira. Wopita kuchilumba amalipira boti. Wokwera phiri amatenga womulondolera. Wothamanga amangomanga nsapato, njira nkumaiona pafoni.

Ku Mulanje adalipezera njira vutoli kalekale. Mpikisano wa Porters Race, womwe udayamba m'zaka za m'ma 1990, poyamba udali wa anyamata onyamulira alendo katundu ndi owalondolera njira m'phirimo. Kenaka udatsekulidwa kwa onse. Umayambira ndi kuthera pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20 wokwera ndi kutsika, ndipo kawirikawiri opambana amakhala ana a m'dera lomwelo. Mlendo amafika podziwa kuti walowa m'bwalo la eni ake. Patsikulo ogulitsa mandazi, nthochi ndi zakumwa nawo amapha makwacha.

Chitsanzo cha ku South Africa chili ndi mbali ziwiri. M'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tsitsikamma muli njira yotchedwa Otter Trail, ya makilomita opitirira 40, yomwe oyenda pansi amaimaliza m'masiku asanu. Kuyambira mu 2009 kumachitika mpikisano wothamanga kamodzi pachaka, ndipo akatswiri amaimaliza m'maola pafupifupi anayi. Chiwerengero cha olowa chimakhala ndi malire kuti chilengedwe chisaonongeke. Koma m'gombe lomwelo, anthu a m'midzi yoyandikana adaletsedwa kotheratu kuwedza nsomba mu 2000. Adalimbana ndi boma mpaka mu December 2016 pomwe gawo limodzi mwa magawo asanu a gombelo lidatsekulidwa kwa eni dera olembetsa, ngakhale akatswiri ena a zachilengedwe adatsutsa kwambiri. Kwa zaka 16 chidani pakati pa paki ndi midzi chidali chikukula, pomwe alendo ankadutsa mwaufulu.

Ku Cape Maclear zinthu sizidafike pamenepo, ndipo kukonza sikufuna mabiliyoni. Njira zitatu kapena zinayi zitadziwika bwino, nkuikamo zikwangwani, achinyamata a m'midzi yozingidwayi atha kumalipidwa polambula komanso kuthamanga limodzi ndi alendo. Wolondolerayo ndiye angamuuze mlendo kuti kankhalango ako ndi manda ndipo salowamo popanda chilolezo cha amfumu, kuti kakabudula koyenera kugombe nkosayenera pakati pa mudzi kapena pamaliro, ndiponso kuti anyani a m'mbali mwa msewu sapatsidwa chakudya. Angamuchenjezenso za kutentha kwa October ndi November, komanso za likodzo lomwe limapezeka m'madzi osaya a kufupi ndi mudzi, momwe munthu wotopa amafuna kudzigwetsamo.

Pali chenjezo limodzi. Chilichonse chomangidwa mkati mwa paki chimayang'aniridwa ndi maso ambiri. Ntchito ya bungwe la Southern Region Water Board yomanga thanki ya madzi paphiri la Nkhudzi idautsa mapiri pachigwa mu 2021 ndi 2022, omenyera zachilengedwe akuti msewu wokwera phirilo uononga malo otetezedwa, pomwe anthu a m'deralo ankati akufuna madzi aukhondo. Choncho njira za othamanga ziyenera kutsata zomwe zilipo kale, osati kugumula phiri.

Kunja kwa malire a paki, mphamvu zili m'manja mwa midzi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakhazikitsa makomiti a zamalo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa m'mudzi, ndipo atatu mwa iwo kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Makomiti amenewa ndiwo angaonetsetse kuti polembetsa malo a m'mphepete mwa nyanja, njira zotsikira kumadzi zikulembedwa ngati za onse wogula asanakumbe maziko a mpanda.