Moto ulipo, koma mphika wake uli kuti?

Mlimi wanzeru sadzala mbewu yachilendo munda wonse chifukwa chakuti wogulitsa waitamanda. Amafuna mbewu yomwe yapirira nyengo zingapo m'minda yoyeserera, monga ya ku Chitedze, yaona chilala ndi chiwawu, ndipo akatswiri aivomereza. Mwezi uno tikambirana za kuyesa kwa mtundu womwewo, kungoti choyesedwacho si chimanga ayi, koma chitsulo.

Owerenga ena anamvapo kuti asayansi akufuna kupanga magetsi potengera momwe dzuwa limayakira. Njirayi, yotchedwa fusion, ndi yophatikiza maatomu awiri opepuka, deuterium ndi tritium, kuti atulutse mphamvu. Motowo anauyatsa kale. M'chaka cha 2023 makina a JET ku Culham, m'dziko la Britain, anatulutsa mphamvu yokwana mamegajoule 69 m'masekondi pafupifupi asanu, asanatsekedwe kumapeto kwa chakacho. Chomwe chikusowa ndi mphika woti motowo uziyakamo zaka ndi zaka osasweka.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi kutentha, pakuti mpweya wa mkatimo umafika madigiri 150 miliyoni. Kutenthako ndi koopsadi, koma maginito amphamvu amaugwira mpweyawo kuti usakhudze khoma. Mdani weniweni ndi tizidutswa totchedwa neutron, timene maginito satha kutigwira. Timeneti timanyamula magawo anayi mwa asanu a mphamvu yonse, ndipo timalowa m'chitsulo monga nankafumbwe alowera m'nkhokwe: kunja chimaoneka chabwinobwino pamene mkati chikudyeka. Neutron ikagunda atomu ya chitsulo imaichotsa pamalo pake, nayonso n'kukagunda zinzake. Kuwonjezera apo, imasandutsa maatomu ena kukhala mpweya wa helium, womwe umasonkhana m'timatuza tosaoneka ndi maso. Pakapita nthawi chitsulo chija chimatupa, chimaleka kupindika, n'kuyamba kuthetheka ngati phale.

Akatswiri a ku Ulaya anakonza chitsulo chawo, EUROFER, poyembekezera nkhondo imeneyi. Anaikamo chromium pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse, komanso tungsten, vanadium ndi tantalum pang'ono. Anapewa nickel, niobium ndi molybdenum, chifukwa zimenezi zikawombedwa ndi neutron zimatulutsa cheza choopsa kwa zaka zochuluka zedi. Tisaiwale pano kuti chromium wambiri wa padziko amakumbidwa ku South Africa, ndipo Zimbabwe nayonso ili naye. Miyala ya chigawo chathu chino ili m'nkhaniyi, ngakhale kuti ife eni ake sitili m'zipinda zoyesera.

Nanga chitsulocho akachiyese kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani. Malo opangira magetsi a nyukiliya omwe alipo lero amatulutsa neutron zofooka poyerekeza ndi za fusion, choncho kuyesa kumeneko kuli ngati kuyesa mbewu ya chilala m'dimba. Makina aakulu a ITER, omwe akumangidwa ku Cadarache m'dziko la France, nawonso sadzayaka nthawi yokwanira kukalambitsa chitsulo. Ndiponso mu 2024 akuluakulu ake analengeza kuti kuyaka kwa deuterium ndi tritium kudzayamba mu 2039, ndi kuti khoma lamkati likhala la tungsten m'malo mwa beryllium amene anasankhidwa poyamba. Ngati makina otere asintha khoma ntchito ili mkati, ndiye kuti funso la zipangizo silinayankhidwe.

Yankho lomwe akulidalira likumangidwa ku Escúzar, pafupi ndi mzinda wa Granada ku Spain, ndipo dzina lake ndi IFMIF-DONES. Kumeneko makina adzathamangitsa tizidutswa ta deuterium n'kutiwombetsa pa lithium wosungunuka, woyenderera ngati mathithi pa liwiro la mamita 15 pa sekondi. Kugundanako kudzabala neutron zofanana ndi za fusion, ndipo kuseri kwa mathithiwo kudzaikidwa zitsulo zoyesedwa. Luso lothamangitsa tizidutswato lakhala likuyesedwa ku Rokkasho m'dziko la Japan.

Chodabwitsa n'chakuti pa nyumba yaikulu yonseyo, malo owombedwa mwamphamvu kwambiri sakwana ndi lita imodzi yomwe. N'chifukwa chake zidutswa zoyesera zidzakhala zing'onozing'ono, ndipo akatswiri ayenera kutsimikiza kuti kachidutswa kotere kakunena zoona za khoma lathunthu. Zikakhalamo chaka kapena zaka zingapo, adzazitulutsa ndi manja a makina, pakuti munthu sangaziyandikire, n'kuzikoka, kuzipinda ndi kuziswa kuti aone pamene zikugonjera.

M'kuona kwathu, amene amalonjeza magetsi a fusion posachedwa amakamba zambiri za moto, koma za mphika amangodutsapo. Komatu palibe boma loyenda bwino lomwe lingapereke chilolezo chomanga malo otere popanda manambala ochokera ku zidutswa zoswedwazo, ndipo ku Escúzar kachidutswa koyamba sikanalowe n'komwe.